Mabokosi Amene Mayi Makwinja Sanachonge

Mayi anga aakulu, a Christobel Makwinja, sukulu analekeza Sitandade 7, koma kalembedwe kawo kamaposa ka aphunzitsi ambiri amene anandiphunzitsa ine mpaka Folomu 4. Zilembo zawo zimaima chilili, zotalikirana bwino ngati chimanga chodzala ndi chingwe. Kalembedwe kameneka ndi kamene kanawapezetsa ntchito mu 2012, pamene anthu a kafukufuku ochokera ku Blantyre ankafuna mayi mmodzi woti azilemba amayi oyembekezera m'midzi isanu ya kuno kwa Chigaru. Anawapatsa njinga, ambulera ndi buku la chikuto cholimba. Amuna awo anali atamwalira kale, ana awo Nancy ndi Lyford ali m'tauni, ndipo pakhomo tinalipo awiri, iwo ndi ine, monga tilili mpaka lero.

Ntchito yake inali yoyenda. Mayi akangooneka kuti ali ndi pakati, ankamulemba dzina, zaka, ndi kuti mimbayo ndi yachingati. Mwezi uliwonse ankamuyendera, kumuyeza mkono ndi lamba woyezera, kumufunsa za mutu, za malungo, za kutupa miyendo, ndiponso ngati akupita kusikelo. Mu 2018 mabuku anatha, kunabwera matabuleti. Chala cha mayi aakulu chinalimba ndi khasu moti galasi silinkachimva. Amene anawaphunzitsa kudina ndi kachala kakang'ono ndi a Maliyamu, mnzawo wa ntchito yomweyi wa midzi ya kutsidya kwa njanji. Awiriwa ankapalasa limodzi kupita kumsonkhano wa mwezi ndi mwezi ku Chileka, wina atanyamula mbatata yootcha, wina thobwa.

A Justus, amene amayang'anira mavolontiya onse, anawafotokozera kumene zolemba zawo zimapita. Anati zimalowa mu kompyuta yaikulu, pamodzi ndi za amayi zikwi mazanamazana a m'mayiko ena, ndipo kompyutayo imaphunzira yokha poyerekeza mayi uyu ndi amayi ena onse. Zimene madokotala akanawerenga zaka khumi, iyo imamaliza tiyi asanazizire. Mayi aakulu anaipatsa dzina loti apongozi, chifukwa simuonana nawo maso ndi maso koma zolakwa zanu zonse akuzidziwa.

Ankawalemekeza apongoziwo. Chaka china tabuleti inaika chizindikiro chofiira pa dzina la mtsikana wina wooneka wathanzi, amene ankasenzabe mitolo ya nkhuni, ndipo inati apite akadikirire kuchipatala. Mayi aakulu anakangana ndi abale ake masiku awiri mpaka analola. Kumeneko anachita kumung'amba, magazi anamuthira mabotolo awiri, ndipo mwana wake pano ali Sitandade 1. Chiyambire pamenepo salola munthu kunyoza kompyuta iwo alipo.

Ali ndi ntchito inanso imene palibe anawalemba. Kuno mwana akabadwa wakufa, kapena akangolira tsiku limodzi n'kusiya asanatuluke m'chikuta, sitinena kuti kwagwa maliro. Belu la kutchalitchi silimenyedwa, masamba saikidwa pamsewu, amuna sapita. Amayi atatu kapena anayi amene anabereka kale amamukulunga m'nsalu, kupita naye m'mphepete mwa manda, n'kukumba dzenje losazama. Mayi wake salira. Amati akalira, kapena nkhaniyo ikamakambidwakambidwa, njira imatseka ndipo sadzaberekanso. Mwana wotere amatchedwa mtayo, koma ngakhale liwulo silitchulidwa pagulu. Ine m'kalasi ya Bayoloje ndinaphunzira zina, koma sindinayesepo kutsutsa munthu. M'midzi yathu, amene amaitanidwa zikatere ndi amake Nancy, monga anthu amawatchulira mayi aakulu. Amatenga kakhasu kawo kakang'ono, akabwera amasamba, ndipo sindiwafunsa kumene achokera.

Lachinayi lina mu Ogasiti chaka chatha, tikusola nandolo pakhonde, galimoto ya kafukufuku inaima pamsewu. Silinali tsiku lake. A Justus anatsika okha, malaya ositasita monga mwa nthawi zonse, koma anakana mpando wa ndalema n'kukhala pabenchi, ndipo chinangwa chimene ndinawabweretsera sanachikhudze. Atapereka moni anatulutsa pepala m'chikwama.

"Mayi Makwinja, ulendo wa lero si wabwino."

Anati kompyuta yapeza mimba makumi awiri ndi zitatu m'midzi yawo zimene zinayamba koma sizinathe. Mayi analembedwa, anayenderedwa mpaka mwezi wachisanu ndi chitatu kapena wachisanu ndi chinayi, kenako zii. Kumapeto kwa fomu iliyonse kuli mabokosi atatu: mwana wamoyo, mwana wamwalira, mayi wasamuka. Pa mafomu amenewa palibe bokosi limene linachongedwa. Kompyutayo inayerekeza ndi mavolontiya a m'mayiko onse, ndipo inati zotere zimapezeka kumene munthu amapeka mimba ali khale pakhomo pake kuti aoneke wolimbikira. Kwina kwake anagwirapo kale munthu wochita zimenezi. Akuluakulu a kafukufuku anagwirizana kuti ngati pofika Lachisanu la sabata yotsatira palibe yankho, zonse zimene mayi aakulu analemba kwa zaka khumi ndi ziwiri azichotsa, ngati kuti midzi yathu kunalibe, ndipo komiti ya zaumoyo ya m'dera iuzidwa chifukwa chake.

Kenako anayamba kuwerenga mayina mokweza. Kuseri kwa mpanda wathu kunali amuna awiri akumanga nkhokwe.

"Tatsekani pepalalo, achimwene," anatero mayi aakulu, mawu ali pansi. "Mayina a anthu sawerengera pabwalo."

A Justus anapinda pepala. Anafunsa ngati mimbazo zinaliko, iwo anati zinaliko zonse. Anafunsa kumene anawo ali. Mayi aakulu anangoyang'ana m'lichero. Ndege yotera ku Chileka inadutsa, ndipo itapita a Justus anafunsanso, mofatsa, ngati munthu wopempha. Mayi aakulu anapitiriza kusola. A Justus ananyamuka, nasiya pepalalo pabenchi atalipsinja ndi kamwala, nanena kuti Lachisanu la sabata yotsatiralo adzabwera ndi a Ethel, amene amayang'anira manambala onse.

Chifukwa chake ine ndinkachidziwa, ngakhale sitinakambiranepo. Mu 2014, ntchito idakali yatsopano, mayi wina dzina lake Enifa anabereka mwana wakufa, ndipo mayi aakulu anachonga bokosi lachiwiri monga anawaphunzitsira. Sanadziwe kuti bokosi limenelo limaitana galimoto. Patatha sabata ziwiri inafika pakhomo pa Enifa ndi anthu atatu, mmodzi mwamuna, atanyamula fomu ya masamba ambiri yofufuza chimene chinapha mwanayo. Anamufunsa maola awiri: mwanayo anatuluka bwanji, khungu lake linali lotani, anapuma kapena ayi, anamupatsa dzina lanji. Ana a m'mudzi anazungulira galimotoyo. Enifa anapirira mpaka pa funso la dzina, kenako analira mokweza, mudzi wonse unamva. Zaka zinayi zinadutsa osaimanso, ndipo mwamuna wake anatenga njinga ndi wailesi n'kubwerera kwawo. Anthu sananene kuti wolakwa ndi mwamunayo. Anati amake Nancy anagulitsa mtayo kwa anthu a galimoto.

Kuchokera pamenepo bokosi lachiwiri sanalichongenso. Lachitatu sakanalichonga, poti mayiyo sanasamuke, amakumana naye pamjigo tsiku lililonse. Ndiye ankangosiya fomu yotsegula n'kupita pa ina.

Loweruka a Maliyamu anabwera, nkhani itawafika kale. Anayedzeka njinga pamtengo wa mango, nalowa m'khitchini momwe mayi aakulu ankakazinga mtedza. Poyamba anaseka, akuti apongozi akwiya, awaphikire nkhuku. Ataona kuti mnzawo sakuseka, anatsitsa mawu. Anati mafomu adakali otsegula, tabuleti ili m'manja mwawo, ntchito yake siingathe ngakhale ola limodzi.

"Ingochongani kuti anasamuka, achemwali. Tonsefe timatero. Fomu imatseka, galimoto siibwera, mayi amapuma. Ndani wapwetekeka?"

Mayi aakulu anati amayiwo sanasamuke. A Maliyamu anati kompyuta siidziwa njira ya kumjigo. Anawakumbutsa kuti kuno anthu amapitadi ku Mozambique kwa abale, ena kukachilira kwa amayi awo ku Thyolo, ndiye palibe angadabwe. Mayi aakulu anapitiriza kutakasa mtedza mpaka unayamba kupserera. Potsazikana a Maliyamu anawagwira dzanja nthawi yaitali, nawapempha kuti zimene akambirana m'khitchinimo zithere momwemo.

Madzulo ake ndinawaona atakhala pamphasa, tabuleti ili pamiyendo, fomu yoyamba itatsegulidwa. Kachala kawo kanali m'mwamba pang'ono, pamwamba pa bokosi lachitatu. Anakhala choncho mpaka galasi linazima lokha. Analiyatsanso, linazimanso. Kenako anaikulunga m'chitenje n'kuilowetsa m'sutikesi.

Kuyambira Lamulungu titaweruka kutchalitchi anayamba kuyenda m'makomo, wapansi, njinga ataisiya kuti anthu asaganize kuti ali pantchito. Ankapempha mayi aliyense wa papepala lija kuti awalole kunena chimene chinachitika. Ena anali atabereka ana ena awiri kapena atatu chichitikireni, ndipo sankafuna kudzutsa zogona. Wina anali woyembekezera nthawi yomweyo, ndipo amake anawabweza mayi aakulu asanakhale n'komwe pansi. Wina anati mwamuna wake wapano sadziwa. Ena analola, koma aliyense ananena chimodzimodzi, kuti galimoto isabwere. Ndipo chimenecho mayi aakulu sakanalonjeza. Ankabwera dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'maondo, n'kumwa madzi makapu awiri. Pofika Lachitatu olola anali asanu ndi mmodzi.

Tsiku lomwelo Enifa anafika pakhomo pathu, koyamba m'zaka khumi. Masiku ano amagulitsa zitumbuwa pamsewu wa ku Lirangwe, ndipo anabwera ndi beseni lake pamutu, osalitula. Anaima pampata wa mpanda. Mayi aakulu anamuuza kuti alowe akhale, iye anati ali bwino pomwepo.

"Ndamva kuti mukuyenda m'makomo, amake Nancy. Galimoto ija ikufuna kubweranso?"

Mayi aakulu anati akuyesetsa kuti isabwere.

"Ine ndinalira kale, zanga zinatha. Koma Patricia wa kwa aMbewe ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Mukamuliritsa ameneyo, ndidzabwera kudzakhala pakhonde panu pano mpaka mudzandiuze kuti munapindula chiyani."

Anatembenuka, beseni osagwedezeka. Mayi aakulu anamuyang'ana mpaka anakhota pa chigayo. Tsiku limenelo sanapitenso kwina. Anatulutsa mabuku awo akale asanu ndi limodzi m'sutikesi, napukuta lililonse ndi nsalu, nawasanja patebulo motsatana zaka.

Lachisanu galimoto inafika cha m'ma teni koloko. A Ethel anali mayi wa zaka ngati makumi anayi, wamagalasi, chitenje atachimanga pamwamba pa buluku mothamanga moti chinkamasuka. Ananyamula laputopu. Mayi aakulu anapempha a Justus kuti akadikire kugalimoto, chifukwa nkhaniyi ndi ya amayi. A Justus anayang'ana a Ethel, a Ethel anagwedeza mutu, ndipo anapita. Ine ndinali pakhonde ndi lichero langa. Windo la pabalaza pathu lilibe galasi, lili ndi nsalu chabe.

Mayi aakulu anafotokoza zonse: za mtayo, za Enifa, za bokosi limene limaitana galimoto. Anati mwa mimba makumi awiri ndi zitatuzo, ana khumi ndi asanu ndi awiri anabadwa akufa, asanu ndi mmodzi anamwalira m'chikuta, ndipo ambiri mwa iwo anawanyamula ndi manja awo. Anati ndi amayi asanu ndi mmodzi okha amene alola kutchulidwa, enawo sadzanena kuti uyu chinamuchitikira ndi chakuti, ngakhale atawachotsa ntchito.

A Ethel anamvetsera osawadula. Anati nawonso agogo awo ankanena za mitayo, ndipo akuwakhulupirira. Koma amene adzaweruze nkhaniyi si iwo okha, ndi gulu la anthu, ena ali kunja, amene sanaonepo mudzi uno. Anthu amenewo adzati munthu amene wapeka mimba akhozanso kupeka imfa. Anatsegula buku limodzi, nayamikira kalembedwe, nalitsekanso. Kenako anafunsa funso limene ndikuganiza kuti anachoka nalo ku Blantyre.

"Amayi, mavolontiya alipo makumi anayi. Mwambo ndi womwewu kwa Chigaru konse, kwa Kuntaja konse. Nanga bwanji mafomu otsegula ali kwa inu nokha? Anzanu onse mafomu awo ndi otseka bwinobwino. Limeneli akandifunsa, ndikayankha chiyani?"

Ndinasiya kusola kuti makoko asamveke. Ndinamva mpando ukulira, ndinamva nkhuku ikulowa pabalaza popanda woiingitsa. A Ethel anadikira. Patapita nthawi anati ngati palibe yankho, alemba zimene amva ndipo ayesetsa, koma sakufuna kuwanamiza: mabukuwa mwina sapulumuka. Ndinamva zipi ya chikwama cha laputopu.

"Dikirani," anatero mayi aakulu. "Ine sinditchula munthu. Koma afunseni apongozi anuwo, kompyutayo, kuti amayi amene amasamukawo amasamuka mimba ili ndi miyezi ingati. Muwafunsenso kuti chaka chotsatira amagona kuti."

Zipi inaliranso. Netiweki pabalaza pathu imavuta, ndiye a Ethel anatuluka ndi laputopu ndi foni, nakakhala pa njerwa za pafupi ndi khola, kumene imagwira bwino. Mayi aakulu anawatsatira naima kumbuyo kwawo, manja atapinda pachifuwa. A Ethel analemba mizere yochepa chabe, ngati munthu wolemba uthenga kwa mnzake. Pagalasi panali kakuzungulira. Netiweki inathawa, anayambiranso. A Justus anatsika m'galimoto, a Ethel anawakwezera dzanja kuti akhale komweko.

Yankho litabwera, a Ethel anavula magalasi, nawapukuta ndi chitenje, nawavalanso. Anawerenga pang'onopang'ono. Mwa amayi 204 olembedwa kuti anasamuka m'dera lonse, 151 anasamuka mimba ili mwezi wachisanu ndi chitatu kapena wachisanu ndi chinayi. Mwa amenewo, 138 kalembera wa m'makomo wa chaka chotsatira anawapeza m'nyumba zomwezo, ndi amuna omwewo, popanda khanda.

Anati manambalawa anali m'kompyutamo zaka zonsezi. Kompyutayo inaphunzira kuti fomu yotseka ndi fomu yabwino, ndiye inkangosaka zotsegula, ndipo palibe munthu anaganiza zoifunsa funso limeneli. Anati chaka chathachi iwo eni ake anaima pamsonkhano kunja n'kuuza anthu kuti imfa za makanda kuno zatsika kwambiri, anthu anawaombera m'manja, ndipo madera ena akukonzekera kutengera zimene zikuchitika kuno. Ananena zimenezi akuyang'ana pagalasi, osati kwa ife.

Mayi aakulu anawerama kuti aone. Mayina a amayi panalibe, koma panali mayina a midzi, ndipo mudzi uliwonse uli ndi volontiya wake. Pamwamba penipeni panali midzi ya kutsidya kwa njanji.

"Ndiye anzangawo muwatani?"

A Ethel anati sakudziwa. Mayi aakulu anati anzawowo sanabe kanthu, ankangotchinga galimoto. A Ethel anati akumva, ndipo akanena zomwezo. Mayi aakulu anapempha chinthu chimodzi, kuti pa amayi onsewo, awo ndi a anzawo, pasapite galimoto pakhomo pa aliyense. A Ethel anati limenelo alimenyera nkhondo, ndipo analemba pakapepala iwo akuona. Za mavolontiya sanalembe kanthu. Ponyamuka anafuna kuwagwira dzanja mayi aakulu ndi manja awiri, koma iwo anali atayamba kale kutola mabuku awo patebulo.

Kalata inabwera patatha sabata zitatu, ndipo ndinawawerengera chifukwa inali ya Chingerezi. Inati zolemba za midzi yathu zikhala, ndipo zapezeka kuti ndi zimene zingadaliridwe kuposa zina zonse. Inati maulendo okafunsa m'makomo aimitsidwa, ndipo pafomu paikidwa bokosi lachinayi limene volontiya angachonge popanda wina kubwera. Inatinso zimene analengeza kunja zija azibweza, ndipo akufufuza ngati m'mayiko ena amayi amasamukanso mwezi wachisanu ndi chinayi. Ndime yomaliza inali yaifupi. Mavolontiya onse aphunzitsidwanso, koma atatu amene anali ndi mafomu ambiri otere abweze matabuleti. Mayi aakulu anandiuza kuti ndiwerengenso ndime imeneyo yokha. Nditamaliza anatenga kalatayo, naipinda kanayi.

A Justus sanauze aliyense za amene anaulula, koma panalibe chobisika. Galimoto inaima pakhomo limodzi lokha.

Tinakumana ndi a Maliyamu tsiku la msika ku Lirangwe, titayala nandolo wathu pathumba. Anabwera molunjika, naima patsogolo pathu, chikwama cha tomato chili m'manja. Anapereka moni wonse bwinobwino, anafunsa za Nancy ndi Lyford, anandifunsanso ine ngati ndapeza malo okaphunzira kozi. Kenako anati amva kuti apongozi akondwa kwambiri ndi mkamwini wawo. Mayi aakulu anati sanatchule dzina la munthu.

"Simunatchule, eya. Munangoloza ndi chibwano."

Mayi wina anafika kudzafunsa mtengo wa nandolo, naona nkhope zawo, napitirira. A Maliyamu anasuntha chikwama kuchoka dzanja lina kupita lina.

"Zaka khumi ndi ziwiri, achemwali. Ine palibe mayi analira chifukwa cha ine, ngakhale mmodzi. Ife tinkateteza amayi. Inu tsiku lija munateteza mabuku anu."

A Maliyamu anadikira pang'ono, kenako anatsazika mwaulemu n'kulowa m'chigulu cha anthu cha kumene amagulitsa kaunjika.

Tinagulitsa mpaka masana. Pobwerera tinayenda wapansi, thumba lotsala lili pakaliyala, iwo akukankha njinga. Titadutsa mlatho ndinalimba mtima n'kunena kuti ana 138 aja tsopano awerengedwa, ndipo mwina madokotala afufuza chimene chikuwapha. Anavomera kuti ndi zoona. Ndinati ndiye a Maliyamu alankhula mopsa mtima chabe.

"Ayi," anatero. "Pamene mayi uja ankatseka chikwama, ine za ana sindinkaganiza. Ndinkaganiza za mabuku anga."

M'mawa mwake anapopa matayala, namanga tabuleti m'chitenje pakaliyala. A Justus anali atawapempha kuti ayambe kuyenderanso midzi iwiri ya a Maliyamu ya kutsidya kwa njanji mpaka atapezeka wina, ndipo kumeneko kunali amayi khumi ndi anayi amene mwezi wonse anali asanayezedwe. Anandiuza kuti ndisawadikire nkhomaliro, poti sakudziwa kuti ndi makomo angati amene awatsegulire.